Khadi la bungwe la madalaivala si la tsiku la sitiraka lokha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yakhala ikutikanganitsa ife madalaivala a malole kuno ku Salima, makamaka madzulo tikaimika galimoto pa Kamuzu Road kapena pa Kaphatenga n'kukhala pa benchi kudikira nsima. Mkangano wake ndi wakuti kodi dalaivala amapindulanji akalowa bungwe loimira anthu apantchito, limene ambirife timangolitchula kuti yuniyoni, kapena kodi kumeneko si kungotaya ndalama imene ikadagulira ana usipa kunyumba. Ine ndakhala pa chiwongolero zaka zoposa 20. Ndidayamba ngati mnyamata womanga tenti ndi kusintha matayala, kenako ndidanyamula mpunga wa ku Nkhotakota, shuga wa ku Dwangwa ndi feteleza wochokera ku Beira, ndipo pomalizira ndidayendetsa thanki ya mafuta pa msewu wa ku Dar es Salaam. Zaka zambiri mwa zimenezi ndidali m'gulu la onyoza mabungwe, choncho amene akukana lero sindikuwaona ngati opanda nzeru, pakuti mawu amene akuyankhulawo adatulukaponso pakamwa panga.

Maganizo anga tsopano ndi akuti dalaivala alowe bungwe, koma chifukwa chake si chimene ambiri amaganiza. Anzanga akamva za bungwe, m'mutu mwawo mumabwera sitiraka, malole atandandalika pa chipata cha Mwanza kapena cha Songwe, atsogoleri akuyankhula pa wailesi. Zimenezo zimachitika kamodzi pa zaka zingapo. Phindu lenileni la khadi la bungwe limaoneka tsiku wamba, lopanda mtolankhani aliyense, pamene dalaivala waitanidwa yekha ku ofesi ya bwana n'kuuzidwa kuti pali shoti, ndiye kuti mafuta kapena katundu waperewera.

Tsiku lotero lidandifikira ine. Pa nthawiyo ndinkagwira ntchito kwa mwini malole wina amene sindimutchula, ndipo adandituma ndi feteleza m'nyengo ya dzinja kupita kumpoto kudzera msewu wa M5. Aliyense amene adayendapo pakati pa Benga ndi Dwangwa mvula ili pachimake akudziwa momwe msewu umenewu unkakhalira, phula lodyeka m'mbali zonse, maenje odzaza madzi oti sudziwa kuya kwake, ndi milatho yopapatiza yoti galimoto ina iyambe yadikira inzake. Mtsinje wina udasefukira, tidagona pamzere masiku awiri, ndipo atatsegula njira yapambali lole idayenda mtunda wautali pa giya yotsika, ili ndi katundu wodzaza. Munthu aliyense wodziwa injini akudziwa kuti galimoto yoyenda chotero imamwa dizilo wopitirira muyezo umene adalemba mu ofesi poganizira msewu wouma. Nditabwerera, kalaliki adatsegula kabuku kake, adawerengera makilomita, n'kunena kuti malita ambiri sakuoneka, ndiye kuti ndidagulitsa panjira. Makiyi adandilanda pomwepo. Ndidapempha kuti ndifotokoze mbali yanga, koma bwana sadatuluke n'komwe mu ofesi, adangotumiza mawu akuti malipiro a mwezi umenewo alowa m'malo mwa mafutawo, ndipo ndichotse bulangete ndi mbaula yanga m'galimoto. Ndimakumbukirabe ndikuyenda wapansi kupita pa depoti, thumba la mapoto likulira paphewa, ndikusinkhasinkha chimene ndikawauze mayi a kunyumba.

Ndidatha miyezi ndikungodandaulira anzanga, amene ankapukusa mitu n'kunena kuti ntchito yathu ndi yomweyo. Pamene munthu wina adandiuza kuti ndipite ku leba, ofesi ya boma ya zantchito, miyezi isanu idali itadutsa. Amene adandilandira kumeneko adandimvetsera mwaulemu, koma funso lawo loyamba lidali lakuti kalata yondilembera ntchito ili kuti, ndipo lachiwiri lidali lakuti ndili ndi kapepala kalikonse koonetsa malipiro anga. Ndidalibe chilichonse mwa ziwirizi, chifukwa malipiro ankandipatsa pamanja, ndipo ndidali nditagwira ntchito zaka zinayi pa mawu apakamwa okha. Ndidagwa ulesi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zimene ndidadzazidziwa pambuyo pake zimandiwawa mpaka lero. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asachotsedwe pa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata woyankhapo. Lamulo lomwelo limati nkhani ikafika kubwalo, amene ali ndi udindo wosonyeza chifukwa chochotsera munthu ndi bwana, osati wantchito. Limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito wake chikalata chofotokoza malipiro, maola ndi zina zokhudza ntchitoyo. Limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango, ngakhale limamulola kudula ndalama za katundu amene wantchito wawonongadi. Limatinso wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake pasanathe miyezi itatu. Zonsezi zidalipo m'mabuku tsiku limene ndinkasenza mapoto anga, koma lamulo limene mwini wake sakulidziwa lili ngati jeke wotsekeredwa m'bokosi lopanda kiyi, tayala litaphulika pakati pa nkhalango ya Nkhotakota.

Patapita zaka, ndili pa mathanki, ndidaona nkhani yofanana ndi yanga ikutha mosiyana. Mnzanga wina wochokera cha ku Chipoka adapakira dizilo ku Dar es Salaam kukutentha, adayenda makilomita oposa 1,500 kudzera ku Mbeya, Songwe ndi chitunda cha Chiweta, n'kukatsitsa ku Lilongwe m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni. Poyeza adati akupereweramo malita pafupifupi 300, ndipo kalata yomuimitsa ntchito idatuluka tsiku lomwelo. Iyeyu adali membala wa bungwe. Adaimba foni, ndipo tsiku lomva mlandu adabwera ndi bambo wina wa imvi, amene naye adayendetsapo thanki, atanyamula kachikwama kakale ka mapepala. Bamboyo sadakweze mawu ngakhale pang'ono. Adapempha kuona ngati zotsekera zokhala ndi manambala zimene amamata pa mipope ya thanki zidafika zosadulidwa, ndipo zidapezeka kuti zidali bwinobwino. Kenako adapempha mapepala oonetsa kutentha kwa mafuta pamene ankapakira ndi pamene ankatsitsa. Apa ndi pamene padali nkhani, chifukwa dizilo amafufuma akatentha ndipo amachepa akazizira. Pa digiri iliyonse imene kutentha kwatsika, malita 1,000 amachepa ndi kamlingo kosakwana lita imodzi, kotero kuti thanki ya malita 35,000 ikazizira ndi madigiri 10 imaoneka ngati yataya malita oyandikira 300, pamene palibe dontho limene latuluka. N'chifukwa chake oyeza mafuta amayenera kubwezera chiwerengero pa kutentha kumodzi asanaweruze kuti pali shoti. Atawerengera bwino, chimene chidatsala chidali chochepa kwambiri, ndipo mnzangayo adabwezeredwa makiyi sabata yomweyo.

Mnzanga uja sadali wanzeru kuposa ine, ndipo mlandu wake sudali wopepuka kuposa wanga. Kusiyana kwake kudali kwakuti iye adalowa mu ofesi ali awiri, ndipo wachiwiriyo ankadziwa pepala loyenera kufunsa. Munthu amene akunamiziridwa kuba amanjenjemera, amapsa mtima, amayankhula zimene mawa zidzamugwetse, koma womuimirira amene ntchito yake siili pachiswe amatha kufunsa modekha. Ngakhale nkhani itakafika ku Industrial Relations Court, bwalo loweruza milandu ya apantchito limene ife a kuno timakalipeza ku Lilongwe, lamulo limalola kuti membala aimiridwe ndi mkulu wa bungwe lake, zimene ndi mpumulo waukulu kwa munthu amene sangakwanitse loya.

Madalaivala achinyamata ambiri sadziwa kuti mabungwe a apantchito m'dziko muno adayamba ndi anthu a ntchito yathu yomweyi. M'zaka za m'ma 1940, mu ulamuliro wa atsamunda, Lawrence Makata ndi Lali Lubani, amene adali oyendetsa malole, adasonkhanitsa anzawo n'kuyambitsa bungwe limene lidadzakhala Transport and General Workers Union. Mayina awo akadalipo ku Blantyre, pa msewu wa Lali Lubani ndi ku dera la mafakitale la Makata, kumene ambirife timakapakira katundu osadziwa kuti dzinalo ndi la dalaivala mnzathu. M'nthawi ya chipani chimodzi mabungwe adatsekedwa pakamwa, mpaka anthu apantchito adanyanyala mu Meyi 1992 ku Blantyre. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 31, adapereka kwa aliyense ufulu wolowa bungwe kapena kusalowa, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 lidafotokoza momwe ufuluwo uziyendera. Choncho amene amati yuniyoni ndi zinthu za aphunzitsi ndi anthu a m'maofesi akukana cholowa cha makolo ake pa ntchito.

Za sitiraka ndisazilambalale, chifukwa nazonso zidabala zipatso. Madalaivala ataimika malole mu 2019, ndiponso kumapeto kwa Seputembala 2021 pamene mizere ya galimoto idaoneka m'malo omwetsera mafuta patangopita masiku ochepa, dziko lonse lidazindikira kuti Malawi, amene alibe doko la panyanja yamchere, amapuma kudzera m'matayala athu. Mabungwe monga Professional Drivers Union of Malawi adakhala patebulo limodzi ndi nduna za boma ndi eni malole kukambirana za malipiro, za mtengo wa pasipoti, ndi za ndalama zoyezetsera Covid-19 zimene zinkatidya pa ulendo uliwonse wodutsa malire. Zotsatira zake n'zakuti oyendetsa malole aakulu adakhala ndi malipiro otsikitsitsa awoawo, K140,000 pa mwezi, pa nthawi imene a wantchito wamba adali K50,000. Palibe dalaivala mmodzi, ngakhale wolimba mtima chotani, amene akadapeza zimenezi pogogoda yekha pa chitseko cha bwana wake. Ndikudziwa kuti ndalama ija idasungunuka kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pamene boma lidakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito wamba kufika pa K90,000 mu 2024 n'kukwezanso athu, mitengo ya sopo ndi ufa idali itathamanga kale. Koma zimenezi zikungosonyeza kuti nkhani ya malipiro siitha ndi kupambana kumodzi, imafuna anthu oibwerera chaka ndi chaka. Ndipo n'zodziwika kuti sitiraka ya 2021 idabuka mwa zina chifukwa eni malole ambiri sankapereka zimene zidagwirizanidwa kale, kutanthauza kuti chiwerengero cholembedwa m'gazeti ya boma sichilowa chokha m'thumba la dalaivala popanda wochitsatira.

Komabe sitiraka ndi mpeni wakuthwa konsekonse, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi anyamata amene amaganiza kuti gulu la pa WhatsApp ndi bungwe lokwanira. Lamulo lili ndi njira yake. Mkangano umayamba waperekedwa kwa mlembi wamkulu mu unduna wa zantchito, pamakhala masiku 21 oyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zikakanika pamaperekedwa chidziwitso cha masiku asanu ndi awiri anthu asanasiye ntchito. Odumpha njira imeneyi amadziika okha pambalambanda, chifukwa chitetezo cha lamulo chimakhala pa sitiraka yotsata ndondomeko. Kuonjezera apo, lamuloli litasinthidwa mu 2021, wonyanyala ntchito amalipidwa masiku atatu okha pa chaka, otsalawo bwana ali ndi ufulu wodula. Uthenga wa pafoni wakuti mawa aliyense aimike galimoto ulibe siginecha, ndipo tsiku lochotsedwa ntchito amene adautumiza sapezeka.

Tsopano ndibwere ku zifukwa za okana, zimene zina mwa izo ndi zolemera ndithu. Choyamba n'chakuti madalaivala ambiri a kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota sagwira ntchito m'makampani aakulu a ku Kanengo kapena ku Blantyre. Amayendetsa lole ya munthu amene ali ndi galimoto ziwiri kapena zitatu, kunyamula nzimbe, mchenga, njerwa, mpunga wa ku Lifuwu kapena chimanga cha mavenda, ndipo kawirikawiri mwini galimotoyo ndi mlamu, malume kapena mkulu wa mpingo umene onse amapemphera. Kumuuza munthu wotere kuti ndalowa bungwe kumamveka ngati kumutengera kubwalo la amfumu. Pakhomo pake m'mawa uliwonse pamakhala anyamata a malayisensi atsopano okonzeka kuyendetsa pa theka la malipiro. N'zoona kuti lamulo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cholowa bungwe, koma bwana wochenjera satchula bungwe, amangoti galimoto ikupita ku galaja, ndidzakuitana ikatuluka, ndipo mawa lake umaiona ikudutsa pa Khombedza ili ndi wina. Mantha amenewa sindingawapeputse, ndipo ndikuvomereza kuti dalaivala wa ganyu amapindula mochepa ndi bungwe poyerekeza ndi wa kampani yaikulu.

Ngakhale zili choncho, pali zinthu ziwiri zimene wa ganyuyo ayenera kuzidziwa. China n'chakuti kulowa bungwe sikufuna chilolezo cha bwana, ndipo palibe chokukakamiza kulengeza pa msika. Khadi likhoza kukhala m'chikwama pamodzi ndi layisensi mpaka tsiku limene lidzafunike. Chinacho n'chakuti lamulo limati pamene mamembala a bungwe afika 20 peresenti ya ogwira ntchito pamalo, wolemba ntchito ayenera kukhala nawo pansi kukambirana. Pa kampani ya anthu 10, amenewo ndi anthu awiri okha. Ambiri timaganiza kuti pamafunika chikhamu, pamene chimene chimasowa ndi munthu wachiwiri wolimba mtima. Ndionjezerenso kuti si eni malole onse amene ali ankhanza. Ndagwirapo ntchito kwa ena amene adali kulimbana ndi ngongole za kubanki, mitengo ya matayala, kusowa kwa ndalama zakunja ndi mpikisano wa malole a m'mayiko oyandikana nafe, ndipo oterewa pangano lolembedwa limawathandiza nawonso, chifukwa limanena poyera kuti ulendo wakutiwakuti ndi malita angati, alawansi ndi zingati, ndipo galimoto ikagona panjira chifukwa cha mlatho woduka zikhala bwanji.

Chifukwa chachiwiri cha okana chimaloza kwa atsogoleri a mabungwe eni ake, ndipo pamenepa ndili kumbali ya okanawo. Dalaivala wa ku Dwangwa ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama yake ya mwezi ndi mwezi imagwira ntchito yanji, pamene atsogoleri amawamva pa wailesi pokha, nkhani zawo zili za pa Mwanza, Dedza ndi Mchinji, ngati kuti woyendetsa lole ndi wodutsa malire yekha. Amene amakoka ngolo za nzimbe usiku wonse m'nyengo yodula, kapena amene amatsika ndi mchenga m'zigwembe za m'mitsinje, nawonso ali ndi misana ndi mabanja. Ndidaperekapo ndalama kwa munthu amene adabwera pamalo oimikapo malole ndi kabuku, akuti akulemba mamembala, ndipo sindidalandire lisiti kapena khadi, ngakhale kumuonanso. Zoterezi zikachitika kamodzi, madalaivala 50 amalumbira kuti sadzaperekanso. Vuto lina n'lakuti magulu oimira madalaivala alipo angapo, ndipo akamakokanakokana pa nthawi ya zokambirana amene amapindula ndi wa mbali inayo. Yankho la zonsezi, m'kuona kwanga, si kukhala kunja. Bungwe lolembetsedwa mwalamulo limayenera kukhala ndi malamulo ake olembedwa, kusankha atsogoleri, kusunga mabuku a chuma ndi kupereka lipoti ku boma chaka ndi chaka, ndipo amene ali ndi mphamvu yofunsa mabukuwo kapena kuchotsa msungichuma pa chisankho ndi membala. Wakunja amangong'ung'udza pa benchi. Choncho musanapereke tambala, funsani chiphaso choonetsa kuti bungwelo lidalembetsedwa, funsani ngati lili pansi pa Malawi Congress of Trade Unions, likulu la mabungwe a apantchito, kapena likuima palokha, funsani dzina ndi nambala ya amene mudzamuimbire usiku galimoto itagwidwa, ndipo landirani lisiti.

Pali chinanso chimene ife madalaivala sitikonda kuchimva, koma ndichinena popeza ndine mmodzi wa iwo. Zigubu za dizilo zimene zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu yathu sizigwa kumwamba. Matola amene amakwezedwa pamwamba pa matumba a simenti sakwera okha. Tikamanena kuti malipiro ndi ochepa timanena zoona, koma chizolowezi chopopa mafuta ndi chimene chidachititsa kuti kalaliki uja asandikhulupirire ine tsiku limene ndidali wosalakwa, ndiye nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Bungwe limene lingamateteze wakuba wogwidwa ndi paipi m'manja lidzataya ulemu pamaso pa eni malole ndi pabwalo lomwe, ndipo tsiku lodzaimirira wosalakwa mawu ake adzakhala opepuka. Ntchito ya woimirira ndi kuonetsetsa kuti munthu wamvedwa, umboni waoneka, ndipo chilango chikulingana ndi mlandu. Ndimakhulupiriranso kuti malipiro akakhala okwanira ndipo alawansi ikamaperekedwa ulendo usanayambe, bungwe lidzakhala ndi nkhope youzira mamembala ake kuti paipi ija aitaye.

Nkhani imene ndikadakonda kuti mabungwe aigwire mwamphamvu kuposa ya malipiro ndi ya maola. Lamulo limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48, ndipo maola oonjezera pa tsiku wamba la ntchito alipidwe pa mlingo wa ola limodzi ndi theka. Ndani mwa ife adawerengapo maola ake? Timadikira sabata yathunthu padoko kapena pachipata, tikugona m'galimoto ndi kuphika pansi pa tirela, alawansi ya ulendo n'kutha tisanapakire n'komwe, ndipo katundu akangotuluka foni imayamba kulira kuti ufike mawa. Munthu amayendetsa usiku wonse maso ali psuu, akutafuna chingamu ndi kudzithira madzi kumaso, n'kumadutsa pa Thavite kapena pa Chia m'bandakucha pamene amayi a nsomba ndi ana a sukulu ayamba kale kuyenda m'mbali mwa phula. Lole ya matani 30 siima ngati njinga. Dalaivala mmodzi akakana kunyamuka chifukwa cha tulo amamutcha waulesi n'kupereka makiyi kwa wina, koma pangano la bungwe likanena kuti pakatha maola akutiakuti munthu apume, kukanako kumakhala ndi msana. Apa phindu silikhala la membala yekha, limafikira aliyense woyenda pa msewu, ngakhale inu akonzi mukamapita ku Senga Bay.

Chimodzimodzinso ndi penshoni ndi chipukuta misozi. Lamulo la penshoni, limene lidayamba mu 2011, limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ku thumba la penshoni ndipo wantchito aziika 5 peresenti, koma ndikudziwa anzanga amene ankadulidwa mwezi ndi mwezi, n'kudzapeza pokalamba kuti ndalamazo sizidafike kumene zinkayenera kupita. Kufunsa sitetimenti ya penshoni uli wekha kumaoneka ngati mwano, pamene bungwe likafunsira anthu onse pamodzi imakhala ntchito wamba ya mu ofesi. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito ndi kwa banja la womwalira pa ntchito, koma mayi wamasiye wa ku Liwaladzi, amene mwamuna wake wafera ku Tete, sadziwa khomo loyambira kugogoda, ndipo kawirikawiri amangolandira bokosi, thumba la ufa ndi galimoto yonyamula maliro, n'kuthokoza. Chodabwitsa n'chakuti ife madalaivala pa maliro sitiumira. Uthenga ukangomveka, ndalama zimayenda pa Airtel Money ndi Mpamba usiku womwewo, ndipo thupi la mnzathu limafika kwawo mwaulemu ngakhale lichokere kutali chotani. Mtima wosonkherana tili nawo kale, kungoti timautulutsa munthu atatseka maso. Ndalama yomweyo ikadaperekedwa ali moyo ikadalipira munthu wodziwa malamulo woti akatsatire zimene ana ake akuyenera kulandira.

Pempho langa kwa atsogoleri a mabungwe a madalaivala, ngati akuwerenga nyuzipepala ino, n'lakuti atsike kuno kunyanja. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 okha pa msewu wa M14. Sitikupempha ofesi ya magalasi, tikupempha nthambi yokhala ndi komiti yosankhidwa ndi madalaivala a kuno, ina ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa, ndi anthu awiri kapena atatu ophunzitsidwa bwino kuimirira anzawo pa milandu ya pantchito. Malamulo amene ndatchulawa amasuliridwe m'Chichewa pa kapepala kokwana m'thumba la malaya, chifukwa ambirife sukulu tidalekeza panjira. Ndalama ya umembala ikhale yosiyana pakati pa woyenda maulendo akunja ndi wonyamula njerwa, ilipiridwe pafoni ku nambala ya bungwe osati ya munthu, ndipo kamodzi pa chaka msungichuma abwere adzawerenge pamaso pathu zimene zidalowa ndi zimene zidatuluka. Kwa a ku ofesi ya zantchito, pempho langa n'lakuti aziyendera malo oimikapo malole n'kufunsa madalaivala ngati ali ndi makalata olembedwera ntchito, osadikira kuti tibwere tokha titachotsedwa kale.

Ngati atsogoleriwo angabwere, asankhe Lamlungu masana, chifukwa ndi nthawi imene malole ambiri amakhala ataima pa Kamuzu Road ndipo a nzimbe amakhala atasinthana. Atidziwitse kudakali sabata ziwiri kuti uthenga ufike ku Chipoka, ku Benga ndi ku Dwangwa, ndipo abwere ndi chiphaso cha bungwe ndi buku la malisiti. Malo okumanirana ndi mabenchi ndidzapeza ndine.

Ine wanu,
Dalaivala wa malole,
Kamuzu Road, Salima